Chonde musamatule masitampawo

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti apeza mapositikhadi akale m'sutikesi ya malemu agogo awo, ndiye akufunsa ngati angamatule masitampa n'kugulitsa, poti makhadiwo ndi olembedwalembedwa kale. Mayi, funso lanuli landilasa mtima.

Nditangoyamba kutolera makhadi, ndinkapita kwa bambo wina wogulitsa zinthu zakale. Tsiku lina ndinawapeza atanyika mulu wa makhadi m'beseni kuti masitampa amatuke. Madzi anali atasanduka abuluu ndi inki. Ndinapulumutsapo limodzi lolembedwa ndi pensulo. Mzimayi wina ankauza mchemwali wake kuti chifuwa cha mwana chayamba kupepuka, abwera pa sitima Lachinayi, amudikire. Pakona pomwe panali sitampa panangotsala dzenje, chidindo cha positi ofesi chinapita nayo limodzi. Lachinayi la chaka chiti? Tauni iti? Palibenso angadziwe. Khadilo ndikadali nalo, ndipo ndikalitenga m'manja mtima umandiwawabe.

Otolera ambiri amalimbirana khadi loyera, losalembedwapo kanthu. Ine zimenezo ndimakana kwamtuwagalu. Khadi lomwe silinayende ulendo ndi chithunzi chabe. Mbiri ili kumbuyo, komwe kuli dzanja la munthu, keyala, ndi chidindo chonena tsiku ndi malo.

Ngakhale kamzere kogawa kumbuyoko, kolekanitsa uthenga ndi keyala, kali ndi nkhani yake. Khadi loyamba la boma linatuluka ku Austria-Hungary pa 1 Okutobala 1869, lopanda chithunzi. Kwa zaka zambiri mbali imodzi yonse inali ya keyala yokha, choncho anthu ankapanikiza uthenga m'mphepete mwa chithunzi, tizilembo ting'onoting'ono topendekera. Britain inalola kugawa kumbuyo pakati mu 1902, America mu 1907. Mukaona khadi lopanda kamzereko, dziwani kuti mwina mwagwira chinthu chomwe chaposa zaka 100.

Zina zoti muyang'ane

Makhadi ochuluka a nthawi imeneyo ankasindikizidwa ku Germany, ngakhale chithunzi chili cha dziko lina, mpaka nkhondo ya 1914 inadula malondawo. Pa nkhondo yomweyo asilikali a Britain ankapatsidwa khadi losindikizidwa kale ziganizo. Msilikali ankangofufuta zomwe sakufuna, kusiya mwina choti ali bwino, n'kusayina. Akawonjezapo mawu ake, khadilo linkawonongedwa. Taganizirani mayi akulandira kapepala koteroko, n'kumafunafuna mwana wake m'mizere yofufutayo.

Komatu chithunzi musamachikhulupirire msanga. Pa nthawi ya atsamunda, ojambula ngati François-Edmond Fortier wa ku Dakar anatulutsa makhadi zikwizikwi. Pa makhadi ambiri otere anthu ankawaimika, kuwauza chovala ndi chovula, kenako pansi n'kungolemba mtundu wawo, dzina ayi. Ena amati makhadi amenewa ndi oyenera kuwotchedwa. Ine ndimati asungidwe, chifukwa ndi umboni wa momwe wojambula ndi wogula ankationera, ndipo nkhope ya wojambulidwayo nthawi zina imaonetsa poyera kuti sanafune.

Tengani galasi lokulitsa zinthu muone chithunzicho pafupi. Mukaona timadontho, khadilo linasindikizidwa pa makina, mwina ambirimbiri. Ngati palibe timadontho, likhoza kukhala chithunzi chenicheni chotsukidwa pa pepala la khadi. Kodak inatulutsa kamera yojambula zithunzi za msinkhu wa positikhadi mu 1903, ndiye anthu wamba ankajambula nyumba zawo, maukwati, maliro. Lotere mwina ndi lokhalo padziko lonse.

Tsono yankho lanu, mayi: musamatule. Masitampa a pa makhadi ambiri anali wamba, ndalama yake ndi yochepa, ndipo khadi lobooka limagwa mtengo. Musamate ndi guluu kapena selotepi, musamange ndi labala. Asungeni pouma, posafika dzuwa, lililonse m'kathumba kake. Ndipo musanaganize zogulitsa, khalani pansi ndi wamkulu wa kubanja kwanu amene akadali moyo, mumuwerengere mayina ali pa makeyalawo, mulembe zonse zomwe anene.