Downward dog ndi mapushapu zimayendera limodzi

Achimwene, mwafunsa ngati mungaphatikize downward dog ya yoga (kaimidwe koika manja ndi mapazi pansi, chiuno m'mwamba) ndi mapushapu kuti mukhale ndi mphamvu koma thupi lisaume. N'zotheka ndithu. Akatswiri ogwetsana a ku India akhala akuchita zofanana nazo kuyambira kale, amazitcha dand.

Ikani manja ndi mapazi pansi, chiuno m'mwamba ngati denga la nyumba. Pindani zigongono, chifuwa chitsike chopita kutsogolo osakhudza pansi, kenako wongolani mikono. Pobwerera m'mwamba ndi pomwe ambiri amathamangira, koma phindu lili pamenepo: imani, pumani kawiri, mumve kukoka kuseri kwa ntchafu ndi m'akatumba. Zigongono zisatakasuke, mungavulaze mapewa. Yambani ndi 5 zokha, katatu pa sabata. Pamfundo ya dzanja pakapweteka, lekani kaye.