Mayi wopeza wa mufilimu ndi mayi wopeza wa pakhomo

Mayi wina wanditumizira kalata pa imelo kundiuza kuti adakwatiwa ndi bambo wa ana awiri. Akufunsa ngati mafilimu a masiku ano akunena zoona akamaonetsa ana akukonda mayi wowapeza m'kanthawi kochepa, popeza kwawo papita chaka chathunthu koma mtsikana wamkulu sawamwetulira n'komwe. Funso lanu landikhudza kwambiri, Mayi, chifukwa inenso ndidaleredwa ndi mayi wondipeza.

Ndivomereze kuti mafilimu asintha. Mu Cinderella, imene kampani ya Disney idatulutsa mu 1950, mayi wopeza ndi munthu wouma mtima amene amasandutsa mwana wamasiye kapolo wa pakhomo, ndipo m'mafilimu ena a ku Nigeria omasuliridwa m'Chichewa mayi wotereyu timamuonabe akupita kwa sing'anga usiku kapena akuthira mankhwala m'chakudya cha mwana wa mwamuna wake. Stepmom ya mu 1998 idayesa njira ina. Julia Roberts amasewera ngati mkazi wachitsikana amene akuyesetsa ndi mtima wonse kukonda ana a bwenzi lake, pamene Susan Sarandon ndiye mayi wowabereka amene akuopa kulandidwa malo. Komabe akazi awiriwo amagwirizana kwenikweni pokhapokha mayi woberekayo atadziwika kuti ali ndi khansa, ngati kuti mabanja awiri sangakhale pamtendere popanda imfa kuyandikira. Blended ya mu 2014 idafewetsa nkhani mopitirira muyeso: bambo wa ana aakazi atatu ndi mayi wa ana aamuna awiri amapezeka pamalo amodzi ochezera ku South Africa, ndipo tchuthi chimodzi chokha chimakwanira kuti ana ayambe kumasukirana ndi kholo latsopano.

Mayi anga adamwalira ndili ku pulayimale, ndipo bambo atakwatiranso ndidatsimikiza mumtima kuti mkazi wachilendoyo sindidzamulandira. Ndinkawaitana kuti "anti", ndipo akaphika nsima ndinkanena kuti ndilibe njala. Iwo sankandikalipira kapena kundinenera kwa bambo. Ankangoika gawo langa m'bakuli, n'kulisiya pafupi ndi mbaula kuti lisazizire, ndipo m'mawa akapeza bakuli lopanda kanthu ankalitsuka osanena mawu. Chithunzi cha mayi anga chidakhalabe pakhoma pa balaza, ndipo ndinkawaona Loweruka akuchipukuta fumbi pamodzi ndi zinthu zina zonse za m'nyumba. Atsibweni atabwera kuchokera kumudzi kudzanena kuti ana a mlongo wawo ayenera kubwerera kwawo, amayi ondipezawo adawagwadira, adawapatsa madzi osamba m'manja, ndipo adakhala pakhonde mpaka akuluakulu atamaliza kukambirana, chifukwa ankadziwa kuti pa nkhani imeneyo analibe mawu. Ndidadzawaitana kuti "amayi" ndili kale ku sekondale, popanda wina kundiuza.

Poyamba ndimafuna kukuuzani kuti mafilimu atsopanowa ndi abwino kuposa akale, koma pamene ndikulemba ndikuona kuti amavulazanso anthu. Filimu yakale inkauza mwana kuti aope mayi womupeza, pamene yatsopano ikuuza mayiyo kuti akalephera kukondedwa msanga ndiye kuti ali ndi vuto. Filimu imatha m'maola awiri, choncho imafuna ngozi, matenda kapena ulendo woti usungunule mitima mwachangu, ndipo zaka zimene mayi amachapa yunifolomu ya mwana amene samupatsa moni siziikidwamo chifukwa palibe angalipire ndalama kuti azionere.

Zimene mafilimu a ku America sangathe kuona

M'mafilimu amenewa banja ndi bambo, mayi, ana ndi amene adasudzulidwa basi. Kwathu kuno mwana ali ndi atsibweni, agogo ndi azakhali amene ali ndi mawu pa iye, makamaka m'madera a chikamwini kumene ana amawerengedwa kuchikazi. Mtsikana akhoza kumakukondani mumtima koma n'kumaopa kuti abale a mayi ake adzamuona ngati wawataya. Palinso nkhani ya fizi, ya amene wagulidwa nsapato poyamba, ndi ya chuma chamasiye, zimene zimagawa nyumba zambiri kuposa nkhope yokwinya ya mwana.

Tsono kwa inu, Mayi, chaka chimodzi ndi nthawi yochepa ndithu. Musamukakamize mtsikanayo kukuitanani "amayi", musanyoze mayi ake iye akumva, ndipo pakali pano chilango muwasiyire bambo ake. Ngati n'kotheka, pemphani amuna anu ndi ankhoswe kuti akukumanitseni ndi abale a kuchikazi a anawo, kuti mtsikanayo aone ndi maso ake kuti inu ndi agogo ake mumapatsana moni.