Miyezi ya chaka siifanana, musaigawire ndalama mofanana

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati munakonza zosunga K1,200,000 chaka chino kuti mugule malata ndi simenti, poika K100,000 mwezi uliwonse, koma Meyi watha muli ndi K310,000 yokha m'malo mwa K500,000, ndiye mukufunsa kuti mungamazitsate bwanji ndalamazi mwezi ndi mwezi osagwa ulesi. Musataye mtima. Kwa munthu wolipira lendi ndi fizi muno mu Blantyre, K310,000 pa miyezi isanu yoyambirira si ndalama yochepa ayi. Chomwe chakusokonezani ndi kagawidwe kaja, kotenga ndalama ya chaka chonse n'kuigawa mofanana pa miyezi 12.

Januwale sangafanane ndi Juni. Mu Januwale mumakhala mutangochoka ku Khirisimasi, teremu yachiwiri yatsegulidwa, chimanga chakwera mtengo pamsika, ndipo kumudzi akuimba foni kuti ufa watha. Febuluwale ndiye pachimake pa njala. Mu Epulo fizi yabweranso, Sepitembala ndi wa yunifomu, nsapato ndi makope a chaka chatsopano cha sukulu, ndipo ngati mumalima kumudzi, feteleza amakudikirani cha mu Okutobala ndi Novembala. Miyezi yomwe munthu amapumako ndi ya pambuyo pokolola, chakudya chikatsika mtengo. Mwadutsa kale miyezi yowawa kwambiri muli ndi kanthu m'manja. Muli m'mbuyo ndithu, koma osati mmene pepala lanu likukuopserani.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Kuti mufike pa K1,200,000 kwatsala K890,000, ndipo miyezi yatsala isanu ndi iwiri. Tinene kuti Sepitembala ndi Disembala mudzangokwanitsa K60,000 mwezi uliwonse, chifukwa miyezi imeneyi timaidziwa. Ndiye kuti K770,000 yotsalayo igwera pa miyezi isanu inayo, K154,000 pamwezi. Funso loti mudziyankhe nokha moona mtima ndi ili: kodi malipiro anu, kapena geni yanu, ingapirire K154,000? Ngati ingathe, lembani choncho. Ngati singathe, tsitsani cholinga chifike pa K1,000,000, ndipo miyezi isanuyo muziika K114,000. Ine ndimaona kuti kutsitsa cholinga mu Juni, mutakhala pansi ndi cholembera, n'kwabwino kuposa kukakamira nambala yomwe mtima wanu ukudziwa kale kuti siitheka, chifukwa anthu ambiri amasiyira pomwepo, kope n'kuliponya pansi pa matiresi.

Tsono za katsatidwe kake. Simukusowa kompyuta. Gulani kope la chikuto cholimba, lija la ana a sekondale, mutsegule masamba awiri apakati, mujambule mizere ndi rula. Kumanzere lembani miyezi yonse kuyambira Januwale mpaka Disembala. Mzere woyamba ukhale wa ndalama yomwe munalonjeza mwezi umenewo, wachiwiri wa yomwe mwaikadi, wachitatu wa zonse pamodzi kuyambira pomwe munayamba. Mzere wachitatuwu ndiye muziuyang'ana kwambiri. Mwezi umodzi ukhoza kukukanikani, koma ngati zonse pamodzi zikukwerabe, ntchito ikuyenda. Sankhani tsiku limodzi lokhazikika, kaya Lamulungu loyamba mutalandira malipiro, mukabwera kutchalitchi, mukhale pansi ndi kope ndi foni. Musalembe za m'mutu. Funsani balansi, uthenga ubwere, mukopere nambala yomwe ili pamenepo mpaka tambala yomaliza.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndi pomwe ambiri timadzinamiza. Mu mzere wa zomwe mwaikadi muzilembamo ndalama yokhayo yomwe mungaigwire mutaifuna. K40,000 yomwe munabwereka achimwene anu si yosunga kufikira tsiku lomwe idzabwerere m'manja mwanu. Ilembeni kuseri kwa kope, patsamba la angongole. Ngati muli mu banki m'khonde, werengani masheya omwe mwaponya basi, osati chiwongoladzanja chomwe mukuyembekeza pa tsiku logawana, ndipo ngati munatengako ngongole kugulu komweko, ichotseni pa masheyawo musanalembe. Munthu akhoza kukhala ndi masheya a K200,000 ndi ngongole ya K150,000, n'kumayenda ndi mtima woti wasunga K200,000, pomwe yake yeniyeni ndi K50,000, osawerengera chiwongoladzanja cha ngongoleyo. Chipereganyu nachonso chimodzimodzi: mwezi womwe mwalandira musalembe ndalama yonse ngati phindu, chifukwa mbali ina ndi ya anzanu omwe muziwaponyerabe.

Simunanene komwe mukusunga. Ngati ili pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala yomweyo yomwe mumagulira bandulo ndi mayunitsi a ESCOM, ichotsenipo. Ndalama ya pafoni ili ngati madzi a mu ndowa yobooka: K2,000 lero, K1,500 mawa, simuiona ikutuluka, mumangoona ndowa yatsika. Foni ikhale njira yodutsira basi. Tsegulani akaunti ina yosungira ku banki, kaya ku NBS, FDH, National Bank kapena Standard, yomwe khadi yake siiyenda nanu m'chikwama, kapena lowani SACCO, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama, ngati kuntchito kwanu ilipo. Ndalama ikafika pa mlingo wabwino, funsani za fixed deposit, akaunti yotsekera ndalama kwa nthawi yomwe mwagwirizana ndi banki, ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Musanasayine afunseni chiwongoladzanja chake, ndalama yomwe amadula pamwezi, komanso chomwe mungataye mutaitapa nthawi isanakwane. Ndipo muziika tsiku lomwelo lomwe mwalandira, musanakwere minibasi yopita kumsika. Kudikira kuti musunge zotsala kumapeto kwa mwezi sikuthandiza, sizitsala.

Pali mzere wachinayi womwe ndikukupemphani kuti muwonjezere, poti inu cholinga chanu ndi malata ndi simenti, osati ndalama payokha. Mwezi uliwonse mukadutsa ku Limbe, lowani m'mahadiweya awiri kapena atatu, mufunse mtengo wa lata limodzi la geji ndi mafiti omwe mukufuna, komanso thumba la simenti, mulembe. Kenako werengani kuti ndalama yomwe muli nayo ikugula malata angati lero. Tonse tikukumbuka kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zipangizo zomangira inalumpha masiku omwewo. Amene anali ndi ndalama mu akaunti anadzuka nambala ili yomweyo, koma katundu yemwe ikanagula atachepa. Mukaona kuti ndalama ikukwera m'kope koma chiwerengero cha malata chaima kapena chikutsika, musadikire Disembala. Gulani malata pang'onopang'ono ngati muli ndi malo otetezeka, ouma, owasungira, ndipo muwalembe m'kope ngati mbali ya zomwe mwakwaniritsa, risiti muimate kuseri. Simenti yokha musathamangire. Ikakhalitsa imakoka chinyontho n'kuuma, makamaka nyengo ya chiperoni ino, ndiye idzagulidwe mmisiri ali pafupi kuyamba ntchito.

Za mavuto ogwa mwadzidzidzi sindingazilumphe. Maliro sapangana tsiku, mwana akhoza kudwala usiku, ndipo palibe amene angakane kupita kumudzi chifukwa cha kope. Muzipatula kandalama kena pambali, ngakhale K10,000 pamwezi, ka zoterezi, kuti chipepeso ndi thiransipoti zisamachoke pa ndalama ya malata. Zikavuta mpaka mwatapa ya malatayo, lembani tsiku, kuchuluka kwake ndi chifukwa chake, osabisa. Pakatha miyezi ingapo tsamba limenelo lidzakuuzani ngati ndalama ikuthera pa zovuta zenizeni kapena pa zikwati ndi mabridal shawa a Loweruka lililonse. Chomwe ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi katapila. Musakatenge ngongole ya katapila kuti mutseke dzenje la mwezi womwe mwalephera. Mwezi umenewo lembani ziro, musinthe nambala za miyezi yotsatira.

Ngati muli pabanja ndipo ndalamayi mukusonkha awiri, kope likhale poyera, aliyense aziona. Ngati muli nokha, pezani munthu mmodzi wokhulupirika woti muzimuonetsa tsamba lija mwezi ukatha, osati gulu lonse, poti ndalama ikamveka abale obwereka amachuluka.

Nyengo ya pambuyo pokolola chimanga chimakhala chotsikirako mtengo, ndiye ngati mungathe gulani matumba a chakudya cha Januwale ndi Febuluwale, muthire mankhwala a anankafumbwe, musunge. Zimenezi musazilembe mu mzere wa malata, koma zidzachititsa kuti miyezi iwiriyo chaka chamawa isadzakudyereni ndalama ngati mmene yachitira chaka chino. Mukajambula mizere ija n'kusankha pakati pa K154,000 ndi K114,000, lembani nambalayo pa Juni lero lomwe, ndipo kumapeto kwa mwezi mudzatiuze kuti mzere wachitatu wafika pati.