Breka ya 20A ikamagwa, musathamangire kugula ya 32A

Achimwene, mwati breka ya 20A ya masoketi a kukhitchini imagwa mukayatsa hotplate, ketulo ndi ayironi nthawi imodzi, ndiye mukufuna kuikapo ya 32A. Chonde musatero.

Mwanenanso kuti siigwa pompo, imayamba yapirira mphindi zingapo. Yankho lili pamenepo. M'kati mwa breka muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo zamitundu iwiri zomatidwa pamodzi. Magetsi akamadutsa mopyola muyezo kamatentha, ndipo poti chitsulo chimodzi chimafutukuka msanga kuposa chinzake, kamapindika pang'onopang'ono mpaka kukankha chokolera swichi, breka n'kugwa. N'chifukwa chake mukaikweza nthawi yomweyo sichedwa kugwanso, kachitsulo kaja kamakhala kasanazizire.

Tawerengani nokha. Magetsi a ESCOM ndi 230V, ndiye 20A imanyamula pafupifupi 4,600W. Ketulo zambiri zimadya cha m'ma 2,000W, hotplate ya mbali ziwiri chimodzimodzi, ayironi imapitirira 1,000W. Onani manambala olembedwa kunsi kwa zipangizo zanuzo, muphatikize, muone ngati sakupitirira 4,600W.

Shoti ndi nkhani ina. Mawaya akakhudzana, kakoyilo ka waya ka m'kati mwa breka kamasanduka maginito amphamvu n'kumenya swichi sekondi isanakwane. Chilembo cha kutsogolo kwa nambala ya pa breka chimanena za zimenezi: B imagwa pompo magetsi akachuluka maulendo 3 mpaka 5 kuyerekeza ndi nambalayo, C maulendo 5 mpaka 10. Yanuyo sizikuoneka kuti ndi shoti.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi waya. Breka imasankhidwa molingana ndi kukula kwa waya amene ali m'khoma, ndipo amene anakuikirani 20A ayenera kuti anakoka mzere umodzi wa 2.5 mm². Mukaika 32A kugwa kutha ndithu, koma kutentha konse kuzikhala pa waya, pulasitiki wake azisungunukira m'siling'i momwe simuonamo, ana atagona.

Pakadali pano ayironi idziyatsidwa kuphika kukatha. Kenako itanani wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA akukokereni mzere wa hotplate wokha, wa waya wamkulu ndi breka yake. Mumuuze amangitsenso tizikuluwu ta pa breka yakaleyo, chifukwa waya wokhwepa amatentha n'kugwetsa breka ngakhale katundu ali wochepa. Mukamva fungo la pulasitiki wopsa pa bokosi la mabreka, thimitsani main switch, musadikire kuti kuche.