Standard error ikatuluka 0, usathamangire kukondwa

"Aphungu, ndili m'chaka chomaliza cha digiri ya statistics ndipo kafukufuku wanga ndi wa deta ya odwala 150. Aphunzitsi anandiuza kuti ndichite bootstrap mu R, pulogalamu yosanthulira deta. Pa kompyuta yanga sikiripiti inayenda mpaka kumapeto, koma standard error inatuluka 0. Nditawatumizira, iwo anaiyendetsa ndi Rscript, pulogalamu yoyendetsa fayilo ya R payokha, ndipo inakana pomwepo, ati object 'odwala' not found. Nditakonzakonza, tsopano ikumaima pakati nthawi zina, nthawi zina ayi. Mayi anga akuti mwina ndinasankha kosi yosandiyenera. Ndisiye?"

Mwana wanga, usasiye. Mavuto atatu amene wawatchulawa sanafike n'komwe pa funso loti masamu umawatha kapena ayi. Koma pa atatuwo, limene likundidetsa nkhawa kwambiri ndi limene iwe sunaliope, la 0 uja. Sikiripiti yokana imakuuza yokha kuti pali cholakwika. Yoyenda mpaka kumapeto n'kukupatsa nambala yabodza ndiyo imalowa mu lipoti n'kukakuchititsa manyazi pamaso pa oyesa.

Tiyambe ndi chimene bootstrap imachita. Njirayi anaifotokoza Bradley Efron wa ku Stanford mu 1979. Uli ndi odwala 150, ndipo sungabwerere kukafunsa ena 150 kambirimbiri kuti uone mmene avereji yako ingasinthire. Ndiye kompyuta imatola odwala 150 kuchokera mwa omwe uli nawowo, koma aliyense akatoledwa amabwezedwa m'gulu, moti wina atha kutoledwa katatu, wina osatoledwa n'komwe. Imawerenga avereji, n'kubwereza, mwina ka 2000. Kusiyanasiyana kwa maavereji 2000 amenewo ndiko kumakupatsa standard error. Choncho 0 akutanthauza chinthu chimodzi: maulendo onse 2000 anatulutsa nambala imodzimodzi. Deta ya anthu enieni siichita zimenezo.

Ndikaona sikiripiti yako, ndikukhulupirira kuti ndipeza ichi. Mu boot, phukusi la R lochitira bootstrap, function (kagulu ka malamulo kowerenga avereji) imene umaipereka iyenera kulandira zinthu ziwiri, deta ndi manambala a mizere imene yatoledwa, amene ambiri amawatcha i. boot siikusanganizira deta. Imangokupatsa i, ndipo kusankha mizereyo ndi ntchito yako: mzere woyamba m'kati mwa function ukhale wotenga d[i, ] (d ndi deta yako) ndipo zonse zotsatira ziwerengedwe kuchokera pamenepo. Ophunzira ambiri amalemba i pamwamba n'kumuiwala, kenako amawerenga avereji ya deta yonse yoyambirira. R siidandaula, chifukwa palibe lamulo la chinenero lomwe laphwanyidwa. Imangowerenga chinthu chimodzi ka 2000. Ukapempha boot.ci kuti ikupatse confidence interval (malire amene avereji yoona ikuyembekezeka kukhalamo) pa zotsatira zotere, ndi pamene imakuuza kuti manambala onse a t, ndiye kuti maavereji aja, ndi ofanana ndipo siingathe kuipereka. Samalanso ndi chizindikiro cha koma (,) chija. d[i, ] ikutola mizere, pamene d[i] ikuyesa kutola makolamu.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimafuna wophunzira aliyense akhale nacho. Usanaitane boot, yesa function yako pamanja. Ipatse mizere 1 mpaka 150 mu ndondomeko yake, uone ngati yankho likufanana ndi avereji imene ukuidziwa kale. Kenako ipatse mizere yotoledwa ndi lamulo la sample, replace ikhale TRUE kuti wotoledwa azibwezedwa m'gulu, kawiri kapena katatu. Mayankho akhale osiyana pang'ono. Akafanana, vuto walipeza m'mphindi ziwiri, osati usiku wathunthu.

La object not found ndi losavuta. Mu RStudio, pulogalamu yolemberamo R, unalowetsa deta podina batani kapena polemba mu console, ndipo 'odwala' anakhala m'chikumbumtima cha R, mwinanso n'kusungidwa mu fayilo ya .RData n'kumabwerera nthawi iliyonse ukatsegula. Rscript imayamba yopanda kanthu ndipo siitsegula .RData. Chimene sichinalembedwe mu fayilo, kwa iyo kulibe. Lemba mizere ya library yotsegulira maphukusi ndi ya kuwerenga deta pamwamba penipeni, usaloze foda yopezeka pa kompyuta yako yokha, ndipo mu RStudio zimitsa zosunga ndi kubwezeretsa .RData. Tsiku lililonse usanatseke, yambitsanso R n'kuyendetsa fayilo yonse kuchokera pa mzere woyamba.

Tsopano vuto la kuima pakati, limene ndi lokoma kuliphunzira chifukwa likuonetsa mmene bootstrap ilili m'kati. Pa ulendo uliwonse wotola odwala 150, wodwala mmodzi ali ndi mwayi pafupifupi 37 pa 100 wosatoledwa. Ndiye kuti m'gulu lililonse latsopano mumapezeka pafupifupi 63 pa 100 okha a anthu ako, ena mobwerezedwa. Tiyerekeze kuti mwa odwala 150 aja, atatu okha ndi amene ali mu gulu lina la mankhwala. Mwayi woti onse atatu asatoledwe ndi pafupifupi 5 pa 100. Ukuoneka wochepa, koma pa maulendo 2000 zichitika pafupifupi ka 100. Zikatero, ngati function yako ikuyerekeza magulu ndi lamulo la lm, lm imataya gululo, imabweza ma coefficient (manambala a zotsatira zake) ochepa ndi limodzi, ndipo boot, imene inakonzera malo a nambala yokhazikika, imaima ndi uthenga woti number of items to replace is not a multiple of replacement length. Ukamayesa ndi maulendo 10 utha kudutsa mwamwayi, ukakweza n'kugwa. N'chifukwa chake ukuona ngati ikukana mwa chifuniro chake.

Pano ophunzira ena amakulunga zonse mu tryCatch, lamulo logwira zolakwika kuti sikiripiti isaime, maulendo okanika n'kuwataya mwakachetechete. Sindikulangiza zimenezo. Ukataya maulendo 100 amene gulu laling'ono linasowa, confidence interval yako ikunena za dziko limene gululo silisowa, ndipo wowerenga sakudziwa. Njira yabwinoko ndi strata, imene boot ili nayo kale: imatola m'gulu lililonse padera, moti atatu aja amakhalabe atatu. Komabe usadzinamize. Kutola anthu atatu ka 2000 sikuwasandutsa anthu ambiri. Funsa aphunzitsi ngati gululo lingaphatikizidwe ndi lina pa chifukwa chomveka cha zachipatala, apo ayi ulembe poyera kuti za gulu limenelo deta yako siingathe kunena zambiri.

Ndikufunsenso funso limene sunandifunse. Odwala 150 amenewa anachokera ku chipatala chimodzi kapena zingapo? Kodi wina anayezedwa kangapo? Ngati mizere ina ndi ya munthu mmodzi kapena malo amodzi, kutola mzere umodziumodzi kumakupatsa standard error yaing'ono kuposa yoona, ndipo R siidzakuchenjeza. Pamenepo uyenera kutola munthu ndi mizere yake yonse, kapena chipatala ndi odwala ake onse.

Ukakonza zonsezi, manambala ako ndi a aphunzitsi atha kusiyanabe pang'ono. Ika set.seed, lamulo lochititsa kuti katoledwe kazikhala kamodzimodzi nthawi zonse, pamwamba pa fayilo, kamodzi kokha, osati m'kati mwa function. Ngati akusiyanabe, funsani mtundu wa R umene aliyense ali nawo. Kuyambira R 3.6.0, imene inatuluka mu 2019, sample inasintha katoledwe kake, moti seed imodzi imapereka mizere yosiyana pa R yakale ndi yatsopano. Ndipo ngati BCa, njira ina imene boot.ci imawerengera confidence interval, ikukana ndi uthenga wonena za adjustment 'a' is NA, kawirikawiri maulendo ako ndi ochepa kuposa mizere ya deta. Akweze, kwa iwe 2000 ndi okwanira bwino.

Mayi, ngati mwana wanu akuwerengerani yankholi, ndikupempheni kuti mumulimbikitse. Anaona kuti 0 ndi wokayikitsa mpaka kulemba kalata, ndipo anakopera uthenga wa cholakwika monga mmene unalili. Olemba anthu ntchito ya deta amafuna kwambiri munthu wotere, wokhoza kupereka fayilo imene mnzake angaiyendetse pa kompyuta ina n'kupeza yankho lomwelo. Luso limeneli silibwera ndi mayeso a m'kalasi. Limabwera ndi masabata ngati amene akudutsamo panowa.

Iwe mwana wanga, ukamapitanso kwa aphunzitsi, tenga fayilo imodzi yoyenda yokha kuchokera pa R yongoyambitsidwa kumene, ndi zimene sessionInfo, lamulo loonetsa mtundu wa R ndi maphukusi ako, yatulutsa, ndi chithunzi cha histogram ya maavereji 2000 aja. Chithunzicho uchiyang'ane iwe kaye. Chikakhala ndodo imodzi yoima, function yako siikugwiritsabe ntchito i. Chikakhala ndi nsonga ziwiri kapena mchira wautali mbali imodzi, unditumizire pamodzi ndi function yako, tione chimene chikukoka manambalawo.