Kodi n'zoona kuti okonda wrestling amasintha nkhani ndi mafoni awo?

Bambo wina wa ku Lilongwe watilembera pa imelo motere: "Ana anga amaonera tizidutswa ta WWE pa YouTube tsiku ndi tsiku. Andiuza kuti anthu a pa intaneti ndi amene anachititsa kuti Cody Rhodes alimbane ndi Roman Reigns pa WrestleMania ya 2024. Ine ndikudziwa kuti masewerawa amakonzeratu wopambana. Nanga oonera angasinthe bwanji chinthu chokonzedwa kale? Kodi si kungowanamiza anthu kuti akumvedwa?"

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Ana anu sakunama ayi, ndipo kukonzeratu mukunenako ndi kumene kumapatsa oonera mphamvu. Ku mpira mutha kukuwa mpaka mawu kusasa, koma chigoli chimachokera kuphazi la wosewera basi. Ku wrestling wopambana amasankhidwa ndi anthu okhala m'chipinda, ndipo munthu amatha kusintha maganizo.

Ku WWE, kampani yaikulu ya wrestling ya ku America, kuli gulu la alembi, ndipo kuyambira Julayi 2022 mkulu wawo ndi Paul Levesque, yemwe ambiri timamudziwa kuti Triple H. Pulogalamu yake ya Raw imaonetsedwa Lolemba lililonse, ya SmackDown Lachisanu, chaka chonse popanda tchuthi. Izi zikutanthauza kuti nkhani imalembedwa ikuyenda, ndipo zimene zakanika Lachisanu zitha kukonzedwa Lolemba. Alembi amagawa osewera pawiri: babyface, amene ayenera kuchemereredwa, ndi heel, amene ayenera kukuwizidwa. Kuti adziwe ngati aphika bwino, amayang'ana phokoso la m'bwalo nyimbo ya wosewera ikangolira, matisheti ake amene agulidwa usiku umenewo, matikiti, chiwerengero cha oonera pa TV chimene chimagawidwa mphindi 15 zilizonse kuti aone kuti anthu anathawa pa ndani, ndiponso anthu amene atsegula kachidutswa kake pa YouTube. Zolemba za pa X ndi Facebook zimafika msanga kuposa zonsezi, koma pa sikelo ndi zopepuka kuposa zonse. Kulemba ndi kwaulere, pomwe tikiti imafuna ndalama.

Kale chinsinsi chinkasungidwa mwamphamvu, ndipo eni ake amachitcha kayfabe. Adani a pa TV sankaloledwa kukwera galimoto imodzi. Chinsinsicho chinayamba kung'ambika mu 1989 pamene kampani ya Vince McMahon, imene lero ndi WWE, inauza opanga malamulo a ku New Jersey kuti masewerawa ndi chisangalatso chabe, pofuna kuchoka pansi pa bungwe loyang'anira masewera omenyana. Mu Meyi 1996, ku bwalo la Madison Square Garden ku New York, Shawn Michaels, Triple H, Kevin Nash ndi Scott Hall anakumbatirana m'kati mwa ring pamaso pa anthu, ena a iwo ali adani m'nkhani, ndipo woonera wina anajambula ndi kamera yake. Intaneti inangomalizitsa. Masiku ano wokonda wrestling amatsatira nkhani ziwiri nthawi imodzi: ya m'kati mwa zingwe, ndi ya kuseri kwa katani, yoti kampani ikukweza ndani ndipo ikupondereza ndani. Akamachemerera munthu, kawirikawiri amakhala akulankhula ndi alembi kuti mpatseni mwayi uyu.

Tione ya Cody Rhodes bwinobwino, chifukwa muli zonse. Iye anagonja kwa Reigns, amene anali ndi lamba wa ukatswiri, pa WrestleMania, chionetsero chachikulu cha WWE cha chaka ndi chaka, mu Epulo 2023, ndipo kwa chaka chathunthu WWE inkauza anthu kuti akufuna lamba amene bambo ake, Dusty Rhodes, sanamugwirepo. Pa 27 Januwale 2024 anapambana Royal Rumble, mpikisano wa amuna 30 umene wopambana wake amasankha katswiri woti alimbane naye pa WrestleMania. Koma masiku ochepa izi zisanachitike, The Rock anali atalowa mu bodi ya TKO, kampani imene ndi mwini wake wa WWE. Pa SmackDown ya pa 2 Febuluwale, Cody anauza Reigns kuti adzamufuna ndithu koma osati pa WrestleMania, kenaka The Rock anatulukira. Kwa oonera zinaoneka poyera kuti munthu wogwira ntchito sabata ndi sabata walandidwa malo ndi bwana wobwera kamodzikamodzi.

Usiku womwewo mawu oti #WeWantCody anadzaza pa X, ndipo kachidutswa ka zochitikazo pa YouTube ya WWE kanalandira zala zoloza pansi zochuluka zedi. Zikanathera pamenepo, mwina kampani ikanangodikira kuti fumbi litsike. Koma Lolemba pa 5 Febuluwale, anthu amene anagula matikiti a Raw anatenga mawu a pa foni aja n'kumawaimba m'bwalo, akukuwiza dzina la The Rock pa TV dziko lonse likumva. Pa 8 Febuluwale, pa msonkhano wa ku Las Vegas, Cody anasankha Reigns, The Rock anamenya Cody khofi n'kusanduka heel. Masiku asanu ndi limodzi okha. Pa WrestleMania ya pa 7 Epulo ku Philadelphia, Cody anatenga lamba amene Reigns anamusunga masiku 1,316.

Tsono onani kuti zinthu zingapo zinakumana. Dandaulo linali limodzi, lomveka, lokhala ndi dzina la munthu. Linachoka pa foni n'kulowa m'bwalo. Munthu amene ankamufunayo anali kale wogulitsa matisheti ndi matikiti, choncho kumvera oonera sikunali kutaya ndalama. Ndipo alembi anali ndi pothawira, chifukwa mkwiyo womwewo unatha kulowetsedwa m'nkhani posandutsa The Rock kukhala mdani. Chimodzi mwa izi chikasowa, hashtag imafa m'masiku awiri.

Zinayendanso choncho ndi Daniel Bryan mu 2014. Pa Royal Rumble ya ku Pittsburgh sanamuike n'komwe mu mpikisano, ndipo chikhamu chinakuwiza Rey Mysterio, munthu wokondedwa, chifukwa chongotuluka pa nambala 30 pamene anthu ankayembekezera Bryan. Batista anapambana akukuwizidwa. Pofika pa WrestleMania ya pa 6 Epulo ku New Orleans, Bryan anagonjetsa Triple H koyambirira kwa usiku, kenaka Batista ndi Randy Orton kumapeto. Kwa ife a ku Africa chitsanzo chapafupi ndi Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana. Mu Febuluwale 2019 anangolowa m'malo mwa Mustafa Ali amene anavulala, anakhala m'kati mwa ring pafupifupi ola lathunthu pa SmackDown, ndipo anthu anakana kumusiya. Pa 7 Epulo chaka chomwecho anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba wamkulu wa WWE.

Ya amayi ndi yosiyana pang'ono, chifukwa inasintha kayendetsedwe ka kampani osati mpikisano umodzi. Pa 23 Febuluwale 2015, nkhondo ya amayi anayi pa Raw inatha m'masekondi pafupifupi 30, m'pulogalamu ya maola atatu. #GiveDivasAChance, yopempha kuti osewera achikazi, amene WWE inkawatcha Divas, apatsidwe mwayi, inayenda kwa masiku angapo. Mu Julayi Charlotte Flair, Becky Lynch ndi Sasha Banks anakwezedwa kuchokera ku NXT, nthambi ya WWE yosulira osewera atsopano, mu 2016 dzina loti Divas linachotsedwa pa lamba, ndipo mu 2019 amayi analimbana koyamba mu nkhondo yaikulu yotsekera WrestleMania. Zinatheka chifukwa osewera aluso analipo kale ku NXT, akungodikira khomo.

Pomwe zimakanika mpofunika kupadziwanso. Mu Januwale 2015 Roman Reigns anapambana Royal Rumble ku Philadelphia, anthu anakuwiza mpaka The Rock amene anabwera kudzamukweza mkono, ndipo #CancelWWENetwork inafala, kulimbikitsa anthu kusiya kulipira madola 9.99 a pamwezi a WWE Network, njira yoonera WWE pa intaneti. Patangopita masiku awiri, WWE inalengeza kuti olembetsa afika 1 miliyoni. Ndalama sizinasunthe, ndiye nkhani sinasunthenso. Reigns anatseka WrestleMania zaka zinayi zotsatizana akukuwizidwa, ndipo anasanduka heel mu Ogasiti 2020 basi. Chifukwa china n'chakuti kukuwiza nakonso ndi phokoso, ndipo pa TV bwalo laphokoso limaoneka lamoyo. Chimene alembi amaopa kwenikweni ndi bwalo lachete, kapena anthu kunyamuka kukagula zakumwa wosewera ali pakati pa ntchito.

Mbali ina imene ana anu mwina sanakuuzeni ndi yakuti osewera nawo anapeza njira yolambalala alembi. Mu Febuluwale 2011 Zack Ryder, amene sankaoneka pa TV, anayamba kujambula timakanema tanthabwala pa YouTube ndi ndalama zake. Anthu anayamba kuimba dzina lake m'mabwalo iye kulibe, ndipo mu Disembala anatenga lamba wa United States. Chaka chotsatira kampani inatengera pulogalamuyo pa tsamba lake, n'kumulembera nkhani zomugonjetsa mobwerezabwereza, moto n'kuzima. Matt ndi Nick Jackson, otchedwa Young Bucks, anaphunzirapo kanthu. Iwo anali kunja kwa WWE, ndipo pulogalamu yawo ya pa YouTube, Being the Elite, imene inayamba mu 2016, inali yawoyawo. Ankagulitsa matisheti kudzera pa Pro Wrestling Tees ya ku Chicago, imene imadinda malaya munthu akaitanitsa, kotero wosewera safunika mpamba wogulira katundu wambiri. Mu 2017 mtolankhani Dave Meltzer analemba pa Twitter kuti kampani ina ya wrestling ya Ring of Honor singadzaze bwalo la anthu 10,000 posachedwa, Cody Rhodes, amene panthawiyo anali kunja kwa WWE, n'kuyankha kuti wavomera kubetcha. Matikiti a All In, chionetsero chimene Cody ndi Young Bucks anakonza, anatha pasanathe mphindi 30, ndipo pa 1 Sepitembala 2018 kunasonkhana anthu 11,263 pafupi ndi Chicago. Pa 1 Januwale 2019 kampani yatsopano ya wrestling ya AEW inabadwa ndi ndalama za Tony Khan. Kwa ife, ichi ndiye chinthu chachikulu kwambiri chimene intaneti yachita pa masewerawa, kuposa hashtag iliyonse, chifukwa chinapatsa osewera bwana wachiwiri wokamugwirira ntchito.

Tizidutswa timene ana anu amaonera si mphatso chabe. WWE imatiika pa intaneti pulogalamu ikadali m'kati, ndipo tsamba lake la YouTube linadutsa olembetsa 100 miliyoni mu Malichi 2024. Tizidutswato ndi nyambo: timasunga munthu m'nkhani ngakhale alibe maola atatu kapena bandulo yokwanira, ndipo chiwerengero chimenecho ndi chimene kampani imaonetsa pokambirana ndi ogula. Netflix inagula Raw kwa zaka 10 pa mtengo woposa madola 5 biliyoni, ndipo inayamba kuonetsa pa 6 Januwale 2025.

Popeza mwatchula ana, tisabise zoipa zake. Kachidutswa ka masekondi 30 kamaonetsa kudumpha kokha, sikaonetsa zaka zophunzira kugwa. Wosewera amaphunzitsidwa kugwa ndi msana wonse, chibwano chili pachifuwa, manja akumenya pansi kuti mphamvu imwazike, ndipo pansi pa ring pali matabwa oyalidwa pa zitsulo okhala ndi siponji pamwamba, amene amanepa pang'ono. Ndi zonsezi amathyokabe makosi. Simenti ya pakhonde kapena matilesi sizinepa choncho, ndipo mnzake wa mwana sadziwa kumugwira mutu. Chachiwiri ndi masamba abodza pa Facebook amene amalengeza imfa za osewera amoyo, kapena amanamizira kuti ndi wosewera weniweni n'kumapempha ndalama. Nkhani ikakhala yoona mudzaipeza pa tsamba lenileni la kampani. Chachitatu ndi chipongwe. M'sabata ya #WeWantCody, Ava, mwana wamkazi wa The Rock amene panthawiyo ankagwiranso ntchito ku WWE, analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa pa nkhani imene sanailembe. Ku Japan, Hana Kimura wa kampani ya Stardom anadzipha mu Meyi 2020 ali ndi zaka 22, atazunzidwa pa intaneti chifukwa cha pulogalamu ina ya pa TV, ndipo mu 2022 dzikolo linakhwimitsa chilango cha kunyoza munthu kufika chaka chimodzi m'ndende. Mwana aphunzire msanga kuti heel amakuwizidwa m'bwalo, koma munthu wosewera heel uja ali ndi banja ngati wina aliyense.

Tsono kodi amangonamizidwa kuti akumvedwa? Nthawi zina inde. Pa 10 Malichi 2014, pamene khamu la anthu ovala matisheti a Bryan linadzaza ring pa Raw ngati lalanda pulogalamu, zinali zokonzedwa ndi WWE yomwe, itaona kale kumene mphepo ikulowera. Kampani yaphunzira kukwiyitsa anthu dala kuti alankhule, ndipo nkhani ikasintha siifulumira kuvomera kuti inagonja. Njira yosiyanitsira ndi yoyang'ana kamera ndi olengeza. Kuimba kukakhala kofunidwa, kamera imaonetsa zikwangwani za oonera ndipo olengeza amakutchula. Kukakhala kosafunidwa, olengeza amalankhula modutsa pamwamba pake, phokoso limachepetsedwa, ndipo m'kachidutswa ka pa YouTube mbali imeneyo imatha kudulidwa.

Kuti muone zimenezi mufunika pulogalamu yonse, osati tizidutswa. Raw nthawi zambiri imayamba 8 koloko madzulo nthawi ya ku New York, imene kwathu kuno ndi 2 koloko usiku kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo 3 koloko m'miyezi inayo. Ngati mudzaonera kubwereza kwake Lachiwiri madzulo, auzeni anawo asatsegule Facebook ndi YouTube tsiku limenelo, chifukwa zotsatira zimakhala zili pa chithunzi choyamba kunja kusanache.