Mizere yokhotakhota ya kemisitiri: mwana adzadya nayo?

Bambo wina wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi akuphunzira kemisitiri ku yunivesite. Pa holide anabwera ndi mapepala a mizere yokhotakhota, akuti ndi spectroscopy, ndipo ikumuvuta. Zoterezi adzadya nazo?"

Bambo, mu kemisitiri yense, gawo lomwe lili pafupi ndi ntchito ndi limeneli. Taganizani za thumba la yureya lomwe mwagula kuti muthire mu kachewere. Alembapo kuti muli nayitrojeni 46 peresenti, koma maso anu sangatsimikize. Pafunika munthu wotapa pang'ono n'kukayeza ku labu, ndipo mwana wanuyo akuphunzira kukhala munthu ameneyo.

Spectroscopy ndi kuunika chinthu ndi kuwala n'kuona mbali ya kuwalako yomwe chameza, pakuti chinthu chilichonse chili ndi kamezedwe kake. Mizere mwaionayo ndi makina akunena zomwe apeza. Pa pepala la IR, njira younika ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, mzere wosongoka wotsika kwambiri cha pa nambala 1700 ukusonyeza kaboni womangana kawiri ndi okosijeni, pomwe chigwa chotakata pakati pa 3200 ndi 3600 chikusonyeza okosijeni wogwirana ndi hayidirojeni, monga zilili mu mowa. Njira ina yotchedwa UV-Vis imayankha funso lina, loti chinthucho ndi chochuluka bwanji, chifukwa chikachuluka chimamezanso kuwala kwambiri. Njira yotchedwa AAS imapeza mtovu ndi zitsulo zina m'madzi a pamjigo. HPLC, njira yolekanitsa zinthu zosakanikirana yomwe ndi mchimwene wake wa chromatography ya inki ya ku sekondale ija, imagwira poizoni wa chuku mu mtedza, wotchedwa aflatoxin, yemwe amabwezetsa mtedza pa misika ya kunja.

Tsopano iwe mwanawe. Ambiri chimawagwetsa n'kuloweza manambala ngati ndakatulo. Tenga zinthu zomwe ukuzidziwa kale, monga ethanol ndi acetone, ujambule mamangidwe ake, ulosere pomwe mizere igwere, kenako uyang'ane pepala lenileni. Ukaphonya, funa chifukwa chake. Ndipo usadalire njira imodzi: mass spectrometry ikuuza kulemera kwa molekyu, IR ikuuza timagulu ta maatomu tomwe tilimo, NMR ikuuza atomu yomwe yayandikana ndi inzake. Yankho limatuluka ukaphatikiza zonse zitatu.

Usadandaule kwambiri ngati makina ena ukungowaona m'buku, ndi okwera mtengo zedi. Wolemba ntchito amayamba wayang'ana manja: kodi umayeza bwino pa sikelo, umasungunula mankhwala pa mlingo woyenera, umatsuka magalasi, umalemba zonse m'kope osabisa zomwe zalakwika? Kudina batani munthu amaphunzira msanga, koma wosasamala amaononga sampulo ndi zotsatira zomwe.

Malo ofuna luso limeneli alipo: Malawi Bureau of Standards, mabungwe a madzi monga Central Region Water Board, bungwe loona za mankhwala la PMRA, malo a kafukufuku wa ulimi ku Chitedze, mafakitale a shuga ku Dwangwa ndi Nchalo. Sindikunamizani, mipata si yambiri, ndipo ena amayamba ndi uphunzitsi. Amene anagwirapo ntchito mu labu ali pasukulu ndiye amatsogola.

Choncho bambo, holide ikubwerayi mwanayu asathere kukumba kachewere yekhayekha. Apemphe kalata ku dipatimenti yake, alembere malo angapo msanga kupempha atachimenti, ndipo inu mupatule matumba angapo a mbatata kuti apeze thiransipoti ndi pogona ku Lilongwe kapena ku Blantyre.